Kaliyala wa Njinga Yanga

Amuna anga anandifunsira ali ndi njinga, ndipo zaka zoyamba za banja lathu ndinazithera pakaliyala. Kwathu ku Balaka mwana wamkazi wa pabanja lathu sankaphunzitsidwa kupalasa. Mayi anga ankati mtsikana wotangadza pachishalo ndi wopanda mwambo. Chimene tinkaphunzira ndi kakhalidwe ka kumbuyo: kukhala cham'mbali, miyendo yonse mbali imodzi, chitenje kuchipanira m'maondo kuti chisalowe m'masipoko, dzanja n'kugwira masipuling'i a pansi pa chishalo. Kugwira mwamuna m'chiuno anthu akuona kunali kwa akazi a kumabala. Ine pa zimenezi ndinali katswiri. Kumsika, kumaliro, kuchipatala ndili ndi pakati, konseko ndinapita nditakhala choncho, maso ali pamsana pawo. Msana umenewo ndinkaudziwa kuposa nkhope yawo, mpaka pamene thukuta linkayambira kutuluka tikafika pachitunda.

Ku Glasgow tinabwera ana ali aang'ono. Iwo anaphunzira n'kupeza ntchito yabwino, ine ndinalowa yosamalira nkhalamba, ndipo tinakhazikika ku Springburn. Tinagula galimoto, anawasankha kukhala mkulu wa mpingo, mimba yawo inakula. Ana atachoka pakhomo, dokotala anawapeza amuna anga ndi shuga n'kuwauza kuti azilimbitsa thupi. Ndi mmene njinga inabwererera m'nyumba mwathu, koma sinali njinga imene ine ndinkaidziwa. Inali yopepuka moti ndinkainyamula ndi dzanja limodzi, matayala ake owonda, chishalo chopanda masipuling'i, kumbuyo kopanda kanthu. Analowa kagulu ka azungu opalasa Loweruka lililonse m'mbali mwa ngalande yaikulu yoyendamo mabwato yodutsa ku Maryhill. Anagulanso timakabudula tothina toti munthu wa msinkhu wawo sangavale pamaso pa apongozi. Ndinawaseka, nawonso anaseka, ndipo ndinkaganiza kuti tikusekera limodzi.

Mimba inaphwa, shuga inatsika, kenako panabwera nkhani ya ku France. Akabwera kopalasa sankakambanso china. Ankati kumeneko kuli ngalande zazitali zodutsa m'zigwa, njira ya m'mbali mwake yosalala, yopanda galimoto ndi imodzi yomwe, mitengo mbali zonse. Munthu umapalasa m'mawa, masana n'kugula buledi wotentha pakamudzi, madzulo n'kugona pomwe wafikapo. Gulu lawo linkapita m'chilimwe, ena ndi akazi awo. Ankandionetsa zithunzi pafoni, ine n'kumaona madzi obiriwira ndi timabwato tomangirira pamtengo, mtima wanga n'kumapita. Chibwerereni kuno, ulendo uliwonse umene tinayenda awiri unali wa kumaliro kumudzi.

"Nanga ine, abambo?" ndinafunsa tsiku lina.

"Mukwera pati? Njinga yanga ilibe kaliyala," anayankha, maso ali pafoni.

Mawu amenewo anandibaya, koma ndinawatenga ngati mayeso. Ndinagula njinga yakale kwa mzungu wina amene ndinkagwira naye ntchito. Inali yolemera, yakuda, ya basiketi kutsogolo ndi kaliyala wolimba kumbuyo, yofanana ndi za kwathu. Ndinkaisiya kuntchito, ndipo ndikaweruka masana ndinkaikankha mpaka kungalande kuja. Munthu wa zaka zanga kuphunzira kupalasa si nkhani yoseketsa, ngakhale onse odutsa ankaseka. Tsiku loyamba chitenje chinalowa m'tcheni, ndinagwa ngati thumba la chimanga. Ndinagula buluku. Ndinagwera m'zitsamba zoyabwa, ndinawomba benchi, galu wa nkhalamba ina anandithamangitsa mpaka ndinatsala pang'ono kumwa madzi a m'ngalande. Maondo anali zilonda zokhazokha, ndipo kunyumba ndinkati ndapunthwa pamasitepe. Amuna anga sanafunse kawiri.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Masana ena, kukuwaza kamvula, ndinangozindikira kuti ndadutsa mlatho wonse osaponda pansi. Ndinalira ndili pachishalo pomwepo. Palibe amene anandiuzapo kuti munthu ukakhala kutsogolo umaona njira.

Apa m'pamene ndinaganiza mopusa. Ndinati ndiwadabwitse Lamlungu, pamaso pa anthu, kuti anyadire. Iwo anatsogola pagalimoto chifukwa kunali kamsonkhano ka akulu a mpingo. Ine ndinakatenga njinga kuntchito n'kupalasa kuchokera ku Springburn mpaka ku Partick, siketi ili m'basiketi, ndipo ndinafika pabwalo la tchalitchi anthu ataimaima panja. Ndinaiwala chinthu chimodzi. Kwa ife Amalawi a kuno, njinga ndi umphawi umene tinauthawa. Amuna anga amene ankapalasa Loweruka lonse ndi azungu anali asanafikepo pabwalo limenelo ali panjinga, ndipo anthu ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali nayo.

Amayi ena a mumvano, amene ankasintha galimoto ngati nsapato, ndi amene anayamba.

"Kabaza wafika, azimayi. Asisi, ku Easterhouse mumachita zingati?"

Anthu anaseka. Wina anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Ine ndinatsika, buluku litanyowa kumbuyo, n'kuyang'ana amuna anga. Anali ataima pakhomo atavala suti, Baibulo lili m'khwapa. Ndinkayembekeza mawu amodzi okha.

"Musaseke mayiwa, muimvere chisoni njingayo," iwo anatero. "Ine katunduyu ndinamunyamula zaka zambiri, kulemera kwake ndikukudziwa."

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinalowa m'chimbudzi kukavala siketi, ndipo mapemphero onse ndinakhala kumbuyo. Pofika madzulo kanema uja anali atazungulira mafoni a mpingo wonse, ena atamutumiza mpaka ku Balaka. Mng'ono wanga anandiimbira kufunsa ngati galimoto atilanda.

Kunyumba amuna anga anandikalipira kuti ndawachititsa manyazi. Ine ndinati manyaziwo tigawana, koma ku France ndikupita. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Chabwino. Loweruka tipite tonse kungalande. Mukatha kuyenda ndi gulu mpaka ku Kirkintilloch, mupita."

Loweruka ndinafika ndi njinga yanga yakuda pakati pa anthu ovala zonyezimira. Azungu aja anandilandira bwino, ndisawanamizire. Mayi wina wa imvi anandikwezera chishalo, n'kunena kuti ayenda nane pang'onopang'ono. Amuna anga anamuuza m'Chingerezi chawo cha Loweruka kuti asadzivute, mkazi wawo ndi wolimba, amakonda kuyenda yekha. Mayiyo anamwetulira n'kutsogola.

Ananyamuka onse pamodzi, amuna anga ali patsogolo, ndipo ndikudziwa kuti tsiku limenelo anathamanga dala. Ndinapalasa ndi mphamvu zanga zonse. Njira inali yosalala, madzi ali phee kumanja, abakha akusambira, zonse monga ankafotokozera za ku France. Ine sindinaone zimenezo. Ndinkayang'ana msana uja. Poyamba ndinkaona thukuta pamalo ake omwe aja, kenako ndinkangoona mtundu wa malaya, kenako kadontho pakona. Sanacheuke ngakhale kamodzi. Kale tikamayenda ankakonda kufunsa osatembenuka kuti, "Mulipo kumbuyoko?" Tsiku limeneli ndinalipo, koma wofunsa panalibe.

Ndinafika ndithu. Ndinawapeza atamaliza khofi, akuvala zipewa kuti azibwerera. Azungu anandiombera m'manja. Amuna anga anayang'ana wotchi, n'kundiuza m'Chichewa kuti ena asamve.

"Mwaonatu nokha. Anthuwa sangamakudikireni tsiku lililonse. Siteshoni ya sitima ili chapafupi, mukwere muzipita."

Sindinakwere. Ndinabwerera panjinga, ndekha, ndipo ndinafika kunyumba ndikulephera kukwera masitepe. Ndinawapeza atasamba, akufunsa ngati m'nyumba muli ndiwo.

Za ulendo wanga sitinakambenso. Amayi a mumvano aja anabwera kudzandiona, ati amva kuti sindikupeza bwino, n'kundilangiza kuti banja ndi kupirira, mwamuna ndi kabudula amathera moyenda. Ndinawauza kuti kabudula wa amuna anga ndimachapa ndine, ndipo sindikufuna wondithandiza kumuyeza. Tiyi wawo sanamalize.

Kutatsala masiku ochepa kuti amuna anga anyamuke, gulu linawauza kuti aliyense azinyamula yekha zovala zake, m'zikwama zokoleka kumbuyo kwa njinga. Anabwera nazo zikwamazo, zatsopano, zachikasu, koma analibe pozikoleka. Ndinawaona akuyendayenda m'khonde momwe tinkaimika njinga zathu. Anaima pa yanga, n'kugwedeza kaliyala ndi dzanja kuti aone kulimba kwake. Kenako anapita kukatenga sipanala.

"Mayi, tabwerani mundigwirire."

"Mukuchita chiyani?"

"Ndibwereke kaliyalayu. Ndi wolimba kuposa a m'sitolo. Inu simupita kutali."

Ndinaima n'kumaonerera akumasula mabauti limodzilimodzi, akuwaika pakamwa kuti asasowe. Atamaliza anasuntha njinga yawo yopepuka ija n'kundiuza kuti ndiigwire isagwedezeke. Dzanja langa linapita lokha pansi pa chishalo, kufuna masipuling'i. Panalibe, ndinagwira chitsulo chozizira. Anamanga kaliyala wanga bwinobwino, n'kumuyesa pomukanikiza ndi manja onse awiri, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Ndiye kuti malo akumbuyo ankatheka kupezeka nthawi yonseyi. Chinkasowa ndi katundu woyenera.

Zithunzi zinayamba kubwera atangofika. Madzi obiriwira, mitengo mbali zonse, buledi wautali atamumangirira pamwamba pa zikwama zachikasu. Ankatumiza pafoni ya ana, ana n'kumanditumizira ine ndi mawu akuti adadi akuoneka osangalala. Ankaonekadi osangalala. Pachithunzi chilichonse ine ndinkakuza ndi zala mpaka nditaona kaliyala.

Anabwera atada ndi dzuwa, atandigulira sopo wonunkhira. Kaliyala sanabweze, ndipo chaka chotsatira anapita nayenso. Ine ndimapalasabe, kupita kuntchito ndi kungalande, mvula kaya dzuwa. Anzanga a kuntchito amandiuza kuti ndigule kaliyala wina, chikwama chisamandilemere kumsana. Ndimawayankha kuti ndigula, koma sindinagule. Timabowo ta mabauti panjinga yanga tinachita dzimbiri, ndipo Loweruka lililonse amuna anga amadutsa pambali pa njinga yanga potulutsa yawo, n'kundipempha kuti ndiisunthe chifukwa ikutchinga njira.