Mtanda wa Mlombwa

Ndikamva fungo la dothi lozirira, ndimaona timadontho tofiira pansi pa nyumba yathu yatsopano kwa Nthache. Ntchito yozira inali yanga, ndipo ndinkaikonda, chifukwa dzanja likayenda bwino pansi pamasalala ngati m'mbale. Koma chaka chimenecho ndikazira lero, mawa ndinkapeza timadontho tija tandandalika pakati pa nyumba, tomata, tofiira ngati magazi a nkhuku. Tinkachokera kudenga.

Nyumbayo abambo anamanga okha. Anali kalipentala wa mipando ndi zitseko, munthu woti kugula chinthu chomwe manja ake angapange ankati n'kudzitukwana. Chikombole anakhoma okha, zidina tinaumba tonse osaotcha, zitseko anapala kuchokera ku matabwa otsala, udzu amayi anamweta mimba ili apo. Tinkathamangitsana ndi mvula, poti nyumba yakale inali itatsamira kale pa mitengo yochirikiza ndipo mwana amayembekezeka mvula yoyamba ikagwa. Chinavuta ndi mtanda, mtengo wautali wonyamula denga lonse. Makala anali atamaliza mitengo kwathu, moti m'mapiri munangotsala ziputu. Abambo anafunafuna mpaka tsiku lina anatulukira ndi mlombwa wowongoka bwino, wauwisi, n'kunena kuti augula kwa Kanduku. Amayi anangoti, ayi zikomo, koma maso awo sanathokoze.

Mlombwa umakha utomoni wofiira, aliyense amadziwa zimenezo, ndipo abambo ankatiseka kuti ndife amantha ngati mbuzi za mlendo. Koma uwu sunkaleka. Dzuwa la Okutobala linaumitsa udzu, linang'amba zidina, mtanda uli chikhere. Galu wathu, wakuba uja wolowa paliponse, ankafika pakhomo n'kubwerera mchira uli pansi. M'nyumbamo munkazizira ngakhale masana, ndipo ine ndinkazira mofulumira, msana ukuchita nyerenyere, osayang'ana kumwamba. Ndinkaopa, kunena zoona.

Tsiku lina kunadutsa a Zuze, mkulu wa adzukulu okumba manda, kudzapempha madzi akumwa. Anasuzumira m'nyumbamo kuti ayamikire ntchito, kenaka anavula chipewa n'kubwerera chambuyo. Madzi aja sanamwe.

"Mtengo uwu ndimaudziwa, amisiri. Ndapumapo pamthunzi pake pokumba manda ambiri."

Ndi pomwe tinadziwa kuti abambo anaudula kumanda, kokhako kumene nkhwangwa za makala sizinkafika. Amayi sanakalipe. Anapinda mphasa yawo, anakaiyala m'kakhitchini kofuka utsi, n'kunena kuti mwana wawo sadzagona pansi pa mthunzi wa akufa. Abambo anayesa kuwanyengerera, ati mtengo ndi mtengo basi, ati kusasula denga mitambo itadetsa kale chonchi ndi misala, zidina zosaotcha sizipirira mvula. Amayi anangogwira mimba yawo n'kubwerera m'kakhitchini muja.

Masiku angapo abambo sanakhudze sowo kapena nyundo, ankangozungulira nyumba ija. Kenaka m'mawa wina tinawaona ali padenga akumasula luzi. Anatsitsa udzu, anachotsa phaso, ndipo iwo ndi a Zuze anasenza mtanda uja kuubweza kwawo kumanda, mudzi wonse ukuonerera mwakachetechete. Pobwera, mphepo inali itayamba kununkha mvula.

Inagwa kwa masiku, yosalekeza. Mng'ono wanga anabadwira m'kakhitchini muja, wamoyo, wolira ngati walipidwa. Panja zipupa zinkasungunuka, thukuta la chilimwe chonse likuyenderera kupita kudimba. Ndinawapeza abambo ataima pamvulapo akuyang'ana, ndipo ndinalira powamvera chisoni.

"Usalire," anatero. "Zidina ndiumbanso. Mwana sindingaumbe."

Lero ndine wamkulu, ndimadziwa kuti mtengo wauwisi umakha utomoni ndipo galu amadana ndi fungo lachilendo. Kapena mwanayo akanakhala bwinobwino pansi pa mtanda uja, sindidziwa. Abambonso sankadziwa, ndipo anasankha kutaya nyumba kusiyana n'kuti adziwe.