Akuti Ndimujambule Akagwa

Lachiwiri lapitali ndinagona pansi pasimenti ya kuchipatala, ine munthu wamkulu, n'kumadziphiriphitha ngati nkhuku yodulidwa khosi. Sindinadwale ayi. Ndimaonetsa adokotala mmene amagwera mwana wanga.

Asiyatu ali ndi zaka zinayi. Khunyu linamuyamba atachira malungo aakulu. Timapilisi toyera tomwe amatipatsa timangomugonetsa tsiku lonse, koma kugwa akugwabe. Sabata yatha anagwa pachitsime, mutu unatsala pang'ono kulowa. Ndiye ndinanyamuka kwathu kwa Nsamala m'mamawa kukapempha kuti amusinthire mankhwala.

"Amagwa mphindi zingati?" anafunsa adokotala, maso ali pabuku.

Mphindi? Mwana akuuma m'manja mwanga, maso atembenuka, thovu kukamwa, ine ndiziwerenga mphindi?

"Mukamujambule pafoni akagwa, mayi. Sindingasinthe mankhwala ndisanaone."

Ndinatulutsa foni yanga yamabatani, yomanga ndi mphira.

"Ndiye tionetseni inuyo."

Ndinaonetsa. Dzanja lamanja liyambe, kenako mwendo, khosi lipindikire kumbuyo. Chitseko chinali chotsekula. Bambo wina pamzere anati, "Adokotala, apatseniko nawonso amayiwa, afika pena." Anthu anaseka. Nditadzuka kusasa chitenje, Asiyatu anandikoka.

"Amama, ndimatero ine?"

Ndinamuuza kuti iyayi, timangosewera. Tinatuluka ndi timapilisi tomwe tija. Akuti mankhwala enawo kulibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, kanema kaye.

Abale anga owerenga, sindikunena kuti adokotalawo ndi oipa. Anali okha, mzere mpaka pamtengo wamango. Koma ndikuuzeni zomwe maso angawa amaona.

Ndimachapa zovala ku Balaka tauni, kwa amwenye ena a sitolo. Mdzukulu wawo wamkazi ali ndi matenda omwewa, msinkhu womwewu. Amayi a pakhomopo ndi munthu wabwino, timalira limodzi tikamakamba za anawa. Koma wawoyo atangogwa kawiri anathamangira naye ku Blantyre, anamuunika m'mutu ndi makina. Mankhwala oyamba atakana anamupatsa achiwiri, amadzi, otsekemera. Akangophethira modabwitsa, kanema watumizidwa kale kwa dokotala wamkulu, yankho labwera tiyi asanazizire. Chaka chatha osagwa. Amapita kusukulu ndi kachikwama kumsana.

Wanga kumadrasa anamubweza. Akuti anzake akuopa.

Kodi khunyu limasankha khungu? Limayang'ana kaye ngati nyumba ndi yamalata? Iyayi. Limagwetsa mofanana. Chosankha ndi chithandizo.

Mwina mukuti, bwanji osabwereka foni? Ndinayesa. M'mudzi mwathu foni yojambula ili ndi alamu anga, a Jafali a kabaza. Ndinapita, ndinagwada.

"Alamu, Asiyatu akadzagwa ndidzakuitaneni mudzajambule."

"Ine ndiyandikire? Nanga malovu akandigwera? Ndili ndi ana inetu."

"Sizipatsirana, alamu. Ine ndimamupukuta ndi manja tsiku ndi tsiku."

"Inu ndi mayi wake, magazi ndi amodzi."

Foni yokha kundisiyira anakananso, ndi yantchito. Nanga khunyu limapangana ndi munthu tsiku lobwera?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndikudziwa. Ndatsekula zitseko zonse zomwe ndingathe. Ndasiya kuphikira pansi. Kuchitsime ndimamumangirira kumsana ngati khanda, miyendo ikundimenya m'mawondo. Ndikamachapa kwa eni ake mtima uli kumudzi, foni ikalira sopo amandipulumuka.

Inu amene mumakhala m'maofesi n'kumakonza zoti odwala azibwera ndi kanema, munafunsapo mayi wakumudzi? Mawu anga, ine amene ndimamugwira akagwa, ndi opepuka kuposa foni?

Tinene kuti mawa wina wandipatsa foniyo. Asiyatu wagwa pabwalo, pali miyala. Dzanja limodzi lili pansi pa mutu wake. Linalo likumutembenuzira chammbali kuti asatsamwe.

Ndiuzeni, ndichotse dzanja liti?