Mabuleki a Nsatsi ndi Kachasu a Ba Whyson

Ku komboni ya Matero kuno palibe amene sawadziwa Ba Whyson Ngoma, bambo wamfupi wa zala zakuda ndi girisi, wopatsira masipanala pa galaja ya mzungu kutauni. Mzunguyo amadzipangira yekha timagalimoto tampikisano topanda denga. Chaka chimene Chitaganya chinayamba, Ba Whyson anati chimene wapanga munthu wa miyendo iwiri, nawonso apanga.

Anayamba kutola zotayidwa: injini ya uku, matayala a uko, thupi la migolo yosula. Kagalimoto kanakula kuseri kwa nyumba ngati chotupa. Masipuling'i anawachotsako zitsulo kuti kakhale pansi ngati ka bwana, kuiwala kuti ka bwana kamathamanga pa tala pomwe kwathu kuno ndi miyala yokhayokha. Kakamadutsa, mimba yake inkakwekwereza pansi, agalu n'kumabisala.

Nkhani inali pa mabuleki. Mafuta ake mzungu ankatsekera m'kabati. Tsiku lina Ba Whyson anamumva akuuza mnzake kuti mafutawo ndi a nsatsi chabe osakaniza ndi sipiliti. Nsatsi zomwezi amayi amadzoza ana? Anabwera akuseka okha mumsewu. Mafuta anagula kumsika, sipiliti anakafuna kwa Ba Dyness otcheza kachasu.

"Nipatseni wa mutu, uja uyaka moto," anatero Ba Whyson.

"Mumwa ndimwe olo ni motoka?"

"Ni motoka."

"Ikaledzera musabwere kuno," anatero Ba Dyness akuthira.

Poyesa pang'onopang'ono m'komboni, kagalimoto kankaima ndithu. Koma m'mawa kukazizira chopondera buleki chinkalimba ngati mwala, ndipo akayenda nthawi yaitali chinkafewa ngati nthochi yakupsa. Ba Whyson ankati kakuphunzira ntchito.

Ndiye kunabwera ukwati wa Felistus, mwana wa mlongo wawo Anna. Ba Whyson analengeza kuti mkwatibwi apita kutchalitchi pa kagalimoto. Anna anapita kukagwada.

"Achimwene, mwana ayende chabe na mendo. Ni pafupi."

"Mwini mbumba ndani pano?"

Anna anayang'ana pansi. Malume akanena, mayi wobereka sabwezera. Ndi mwambo wathu, ndipo amuna amaukumbukira bwino pamene malumewo ndi iwo.

Tsikulo Felistus anaima pambali pa kagalimoto atagwira velo m'manja.

"Amalume, kanunkha monga kwa Ba Dyness."

"Kwera iwe, uzachedwetsa abusa."

Tchalitchi chinali pafupi zoona, koma Ba Whyson anafuna Matero yense aone. Anazungulira kumsika, anakhotera kuholo ya mowa, paliponse akuthamanga n'kuponda buleki kuti anthu aone mkwatibwi. Mabuleki anatentha. Kachasu, ngakhale wa mutu, amakhala ndi madzi, ndipo madzi akatentha amawira. Pa kamtsetse koyandikira tchalitchi tinaona bondo la Ba Whyson likukwera n'kutsika, likukwera n'kutsika, nkhope ili gwa, koma kagalimoto osaima. Nthungululu zinatha zokha.

Kutsogolo amayi a mumpingo anali atadzaza msewu, akuimba atatembenukira kutchalitchi. Ba Whyson anakhotetsera kudzenje limene anthu amakumbamo miyala. Sipuling'i yakumanzere inathyoka, kagalimoto kanagudubuzika, ndipo mbali imene inagunda pansi inali ya Felistus.

Ukwati unalephereka tsikulo. Felistus anadzakwatiwa mvula itagwa, akutsimphina, ndipo akutsimphinabe mpaka lero. Anna sapondanso pakhomo pa mlongo wake. Ba Whyson anatuluka m'chipatala ndi dzanja lopindika, akuuza aliyense kuti nzeru inali bwino, cholakwa ndi Ba Dyness amene sanatcheze kawiri.

Sabata yatha ndinawaona akukokera masipuling'i a lole kuseri kwa nyumba. Virginia, mng'ono wake wa Felistus, ali ndi mnyamata womufunsira, ndipo mtsikanayu wayamba kale kufunsa ngati ukwati sungachitikire kumudzi ku Fort Jameson. Amalume ake akuti n'kutali, koma kagalimoto katsopano kadzafika.