A Hezron ndi Mphaka wa Malemu

A Hezron Mhango a ku Henga anagwira ntchito yosambitsa ng'ombe pa dibi zaka makumi atatu, ndipo amakhulupirira kuti palibe kachilombo koyamwa magazi kamene kangawaphunzitse nzeru. Ndine mnansi wawo, ndiye nkhani za nkhupakupa ndazimva mpaka makutu kuwawa, chonsecho ndilibe ngakhale mbuzi.

Akazi awo, a Kezia, atamwalira anasiya mphaka wotuwa, wosakongola n'komwe. Mayiwo ali moyo, a Hezron ankamuingitsa ndi chipewa. Koma anthu a pamaliro atabalalika, mphakayo ndi amene ankatandala nawo pakhonde, atagona pamapazi awo. Eni ake sankanena, koma tonse tinkaona kuti ndiye mnzawo amene watsala.

Chilimwe chathachi mphakayo anagwidwa ndi nthata. Zinalowa m'mphasa ndi m'masaka, kenako zinayamba kuluma khanda la mpongozi wawo Mabel, mphunzitsi wochokera ku Dedza. Mabel anatuma mwamuna wake kuti akanene mwaulemu kuti nthata zikapanda kutha, mphaka akamusiye kwina.

A Hezron sanafunse munthu. Anatenga mankhwala a dibi otsalira m'botolo, nawasungunula mongoyerekeza mu ndowa, n'kumuviika mphaka mpaka m'khosi ngati thole. Anaiwala kuti ng'ombe ikatuluka m'dibi imapita kumsipu, pomwe mphaka amakhala pansi n'kudzinyambita thupi lonse. Pasanathe ola mphakayo anayamba kunjenjemera, dovu lili chuchuchu.

Kuno mpongozi sayandikira apongozi ake aamuna, koma tsiku limenelo Mabel anawalanda mphakayo m'manja. Anamutsuka katatu ndi sopo ndi madzi ofunda, n'kumukulunga m'chitenje. Mabel ataimbira foni dokotala wa ziweto ku Boma, dokotalayo anati wachita bwino, koma mankhwala a ng'ombe asadzamukhudzenso. Mphakayo anachira patapita masiku awiri.

Nthatazo anazithetsa Mabel yemweyo, mosathamanga. M'mawa uliwonse ankamupesa ndi chipeso cha mano othinana n'kumazigwetsera m'madzi a sopo. Masaka anawathira madzi owira, mphasa anaziyanika padzuwa, ndipo m'makona ankasesamo tsiku ndi tsiku kwa milungu itatu.

Mphaka sanachotsedwe pakhomo. Koma tsopano akangowaona a Hezron amatsika pakhonde n'kukabisala pansi pa nkhokwe. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa bambowo anachita zija pomukonda, ndi nzeru yokhayo imene moyo unawapatsa.

Tsiku lina ndinawapeza ataima chapatali ndi khitchini monga mwa mwambo, Mabel akupesa mphakayo pamiyendo pake.

"Amama," anatero kwa Mabel motsitsa mawu, "mumugwire chomene, mwamphamvu, asathawe. Ndingomusisitako kamodzi."

Mabel anamugwira, nkhope atayang'ana kumbali, ndipo a Hezron anayandikira n'kumusisita. Mphaka anapirira dzanjalo makutu atawagoneka, ndipo atangomutaya anathawa.

"Yewo," anathokoza a Hezron m'Chitumbuka, n'kubwerera kukakhala pampando wawo okha.