A Makiyi Anakana Kuponda Kapeti

Amuna anga anagwira ntchito ku Nyumba ya Malamulo yakale ija, kulikulu, kuyambira ali mnyamata wopanda ndevu mpaka imvi zitadzaza mutu. Musamve molakwa, sanali phungu ayi. Anali otsegula zitseko. Anzawo ankawatchula kuti a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalendewera m'chiuno mwawo, ndipo dzinali linawakanirira moti adzukulu ena amayesa ndi lobadwa nalo. Ndikulemba izi kuti ana a ana anga adziwe kuti agogo awo ndi munthu wotani, komanso chifukwa mkwiyo wanga sukukwananso m'chifuwa muno.

Ankadzuka nkhuku zisanatsike. Yunifolomu ankasita okha, ine osandilola kuikhudza, ati ndimakhotetsa mzere wa thalauza. Kuntchitoko ankalowera kumbuyo, pa kachitseko ka pafupi ndi mabini a zinyalala. Belu likalira ankakaima pa chitseko chachikulu cha chipinda chimene aphungu ankakambiranamo. Kutsegula, kuweramitsa mutu, kutseka, tsiku lonse ali chiimire. Madzulo miyendo inkabwera itatupa, ine n'kumaithowa ndi madzi otentha kwinaku iwo akundifotokozera amene lero wakalipa kwambiri m'katimo, ngati kuti anthuwo ndi abale athu.

Sanajombepo, sanachedwepo, sanabwerepo ndi kanthu ka eni ake m'thumba, ngakhale cholembera. Ana athu onse anaphunzira ndi miyendo imeneyo. Zimenezi ndimazinyadira, ndipo wofuna kuwanyoza ayambe wadutsa pa ine.

Koma nyumba ija ndili nayo mangawa. Pa khonde lalitali la m'kati anayalapo kapeti yofiira, ndipo wantchito sankaloledwa kuiponda. Ankayenda m'mphepete, pa kampata ka matabwa kotsala pakati pa kapeti ndi khoma. Wolemekezeka akatulukira, wantchito ankatsamira khoma, maso pansi, mpaka munthuyo adutse. M'chipinda cha aphungu ndiye phazi la wantchito linkalowamo pokhapokha atanyamula tsache, ndipo amuna anga sanali osesa. Ankangochionera pakhomo.

Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, ali wakhanda anadwala, thupi kutentha ngati mbaula, khutu likutuluka mafinya. Ine ndinali mlendo mumzindamo, kuchipatala sindinkadziwako. Ndinamubereka n'kuthamangira kuntchito kwa bambo ake, ndipo posadziwa ndinakwera masitepe akutsogolo. Mlonda ananditsitsa ngati mbuzi yolowa m'munda. Ati akazi a antchito amadikira kumbuyo. Ndinakakhala pa mabini paja, ntchentche zikutera pa khutu la mwana. Ndinatuma uthenga, yankho linabwera lakuti aphungu adakali m'kati ndipo chitseko sichingasiyidwe. Bambo ake anatuluka dzuwa litapendeka. Mwanayo anachira, lero ndi mayi wa ana akuluakulu, koma khutu lakumanzere silimva. Madokotala amati mwina likanafa ndithu ngakhale tikanafulumira. Anene zawo. Ine ndikudziwa pamene ndinakhala.

Zaka zinapita, amuna anga anapuma pa ntchito, aphungu nawo anasamukira ku nyumba yatsopano. Yakaleyo anaisandutsa malo oti anthu azikaona, aliyense, ngakhale ana asukulu. Chaka chatha a Makiyi anadwala sitiroko, mwendo umodzi n'kuyamba kukokera. Mdzukulu wathu, mwana wa mayi wa khutu uja, ndi namwino, ndipo timamutchula kuti Kanamwino. Iyeyo anandiuza mosabisa kuti masiku oyenda ndi miyendo yawo atsala ochepa, kenako ndi njinga ya olumala. Pamenepo ndinalumbira mumtima kuti miyendo imeneyo isanagonje, ikwera masitepe akutsogolo, iponda kapeti ija, ikaima pakati penipeni pa chipinda cha aphungu, mdzukulu wawo akuona. Sindinkafuna china.

Ndinawaveka suti ya pa ukwati wa chitsirizira wathu, Kanamwino n'kutinyamula pa galimoto yake. Titafika pa bwalo lakutsogolo, iwo anayamba kusakhazikika.

"Waima pano bwanji, mwana iwe? Zungulira kumbuyo. Pano si poimika ife."

"Agogo, lero olemekezeka ndinu," anatero Kanamwino akuseka. "Tayi imeneyo ingalowere ku mabini?"

"Akulipiritsa chindapusa, uona."

"Akandilipiritsa ndigulitsa inuyo. Agogo aakazi avomera."

"Ndani angagule?" ndinatero ine. "Tsikani, abambo, dzuwa likutentha."

Masitepe anakwera. Pang'onopang'ono, ndodo kutsogolo, ine mbali ino, Kanamwino mbali inayo, koma anakwera. Pamwamba anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa ngati afika pamaliro. Ine ndinayang'ana pamene mlonda uja anaima tsiku lija, ndinapezapo mtsuko wa maluwa. Mumtima ndinati, chimodzi chatheka.

Anatiika m'gulu limodzi ndi alendo ena, aphunzitsi angapo ndi anyamata a mafoni m'manja. Wotionetsa malo anali mtsikana waulemu ndithu, iyeyo sindimunena choipa. Anatiuza za amisiri amene anamanga nyumbayo makolo athu asanabadwe, za denga, za zithunzi za akuluakulu zimene zili m'makoma. Kenako anatitsogolera pa khonde lija. Kapeti ilipobe, yapauka, pakati yadyeka ndi mapazi. Anthu anangoiponda akucheza, wina akutafuna chingamu.

Ndinangomva mkono wa amuna anga ukupulumuka m'dzanja langa. Pocheuka, ali kukhoma, pa kampata ka matabwa kaja, phewa likukhula penti.

"Abambo, bwerani kuno."

"Ndili bwino konkuno."

"Matabwawo apaka polishi, mugwa. Bwerani pakati."

"Yendani inu, amayi. Ine njira yanga ndikuidziwa."

Ndodo inaterereka kamodzi, Kanamwino n'kuwagwira m'khwapa. Anawanong'oneza, anawanyengerera monga amachitira ndi odwala ake, koma iwo anangoumitsa khosi. Motero mdzukulu wanga ankayenda pa kapeti, agogo ake pa matabwa, atagwirana. Lamulo lija linafa kalekale, amene analipanga ambiri ali m'manda, koma mwa amuna anga lidakali ndi mano. Mbuzi ikakulira pa chingwe, ngakhale uimasule imangozungulira chikhomo.

Chimene chinanditentha kwambiri chinachitika pakati pa khondelo. Kutsogolo kunatulukira bambo wina wamimba, suti yakuda, nsapato zolira. A Makiyi anaima, msana kukhoma, chipewa pachifuwa, maso pansi. Munthu wodwala, koma anawongoka ngati msilikali. Bamboyo anaima patsogolo pawo.

"Madala, chimbudzi chili kuti muno?"

"Chitseko chachiwiri kumanja, bwana."

Anapita osathokoza. Anali mlendo ngati ife tomwe, wa gulu lina, chikwangwani cha alendo chili pakhosi ngati chathu. Ndinayang'ana Kanamwino. Kuseka kuja kunali kutatha, ankangoyang'ana nsapato zake. Mwana ameneyu anakula akuuza anzake kusukulu kuti agogo ake amagwira ntchito ku Nyumba ya Malamulo, ndipo ankanena atatukula mutu.

"Mwamuweramira ndani ameneyo?" ndinawafunsa. "Munthu wofuna chimbudzi?"

"Musakweze mawu muno."

"Ndikweza. Andichotsa ntchito?"

Tinafika pa chitseko chachikulu chija. Chinali chotsegula, atachitchinjiriza ndi kathabwa kuti chisatsekeke. Mtsikana uja anati tonse tilowe, tikhale pa mipando ya aphungu ngati tikufuna, kupatula mpando wa sipikala umene anauzinga ndi chingwe. Anyamata aja anathamangira m'kati, wina n'kukhala mwendo pamwamba pa unzake, kumenya tebulo akuti akuchotsa misonkho yonse, anzake akumujambula. Amuna anga anaima kunja, kumanzere kwa chitseko. Pansi pamenepo matabwa anadyeka, pali kachigwa kakang'ono, ndipo mapazi awo analowamo ndendende.

"Abambo, talowani."

Sanasunthe.

"Agogo, pang'ono pokha," anatero Kanamwino. "Ndikujambuleni mutakhala, amayi anga akaone."

"Ndijambule pompano."

Wotionetsa malo anabwerera. "Agogo, musaope, n'zololedwa. Aliyense amalowa."

"Zikomo, mwana wanga. Pitirizani ndi alendo."

Apa ndiye ndinaphulika. Sindinasamale aphunzitsi, sindinasamale mafoni. Ndinawagwira mkono wa jekete n'kukoka.

"Alendo ndi ndani? Inu si mlendo? Ndakusitirani suti, mwana wasiya odwala kuchipatala, kuti mudzaimenso pakhomo? Miyendo yanu inathera pano. Khutu la mwana wanga linathera pano. Ine ndinakhala ndi ntchentche kumbuyo uko inu mukutsegulira anthu osakudziwani ndi dzina lomwe. Lero achoka onse, palibe wokuletsani, ndiye mukudziletsa nokha? Lowani, abambo. Mulowe chifukwa cha ine ngati simungalowe chifukwa cha inu."

Chidwalireni amalankhula mochedwa, mlomo umakokera mbali imodzi. Anadikira ndimalize, n'kuchotsa dzanja langa pa jekete mosakalipa.

"Amayi, tsiku lija ndinamva kuti mwana ali kumbuyo. Ndinaima pano. Ndinadziuza kuti m'katimu muli zinthu zazikulu, zoti munthu sangazisiye. Ndikalowa lero ngati mmene alowera anyamatawa, n'kupeza kuti ndi chipinda chabe cha mipando, ndiye kuti ndinasiyira mwana wanga chiyani? Ndisiyeni pano."

Pa zaka zonse za ukwati wathu anali asanatchulepo za tsiku limenelo. Ine ndinkayesa analiiwala. Kanamwino anatembenukira kukhoma n'kumafufuza m'chikwama chake chinthu chimene munalibe.

Musaganize kuti mtima wanga unatsika. Unakwera, kungoti tsopano unasowa woti umugwere. Ndinawasiya n'kulowa ndekha. Nsapato zanga zinali ndi fumbi la pabwalo, sindinazipukute. Ndinayenda pakati penipeni pa kapeti ya m'chipindamo, kuponda mwamphamvu, kukafika pa chingwe cha sipikala, kubwerera, kupitanso. Ndinakhala pa mpando wakutsogolo. Chikopa chake n'chong'ambika, thonje likutuluka, ndipo pansi pa tebulo wina anamatapo chingamu. M'chipindamo mumanunkha chinyezi. N'chaching'ono kuposa mmene ankachifotokozera, holo ya sukulu ya Kanamwino ndi yaikulu. Ndinayang'ana kukhomo ndili pampandopo, ndipo ndinaona zimene aphungu ankaona: kamunthu ka chipewa pachifuwa, theka la nkhope lokha likuoneka. Ankasuzumira kuti aone ngati ndakhala bwino.

Potuluka ndinapeza mayi wina wosesa ataima chapatali ndi chidebe ndi burashi, akudikira kuti gulu lathu lichoke. Mapazi anga ankaoneka bwinobwino pa kapeti yonse, kupita ndi kubwerera. Amuna anga anali atawaona kale. Anakokera mwendo wawo mpaka pamene panali mayiyo.

"Pepani, amayi, akazi anga akudetserani. Sadziwa za muno."

"Palibe kanthu, agogo, ndi ntchito yathu."

Ndinafuna kuyankha, koma Kanamwino anandifinya dzanja.

M'galimoto amuna anga anandifunsa funso limodzi lokha, maso ali pawindo.

"M'katimo muli bwanji?"

Chinyezi chija, chikopa chong'ambika chija, zonse zinali pa lilime langa, ndipo ine si munthu womeza mawu. Kanamwino anandiyang'ana pa galasi.

"Ndi mwamukulu," ndinatero. "Munthu umachita mantha."

Amuna anga anagwedeza mutu movomereza, ndipo tisanatuluke mumzinda anali atagona.

Panopa ali pa njinga ija, monga ananenera mdzukulu wawo. Chithunzi chimene anawajambula ndi cha pakhomo, ataima mowongoka, ndipo mayi wa khutu uja anachikulitsa n'kuchipachika pabalaza pake. Ine sindichiyang'ana. Ndinalumbira kuti alowa, sanalowe, ndipo nyumba ija inandichititsa kunamiza amuna anga ndili nkhalamba. Zimenezi sindidzaikhululukira.