Yankho Limene Linamangitsa Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mtsikana wa pakamwa posatseka, pamene ndinapereka amalume anga m'manja mwa boma. Zinali zaka za Chitaganya, mu ulamuliro wa atsamunda, ndikuphunzira pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Nyimba.

Tsiku lina aphunzitsi analemba pa bolodi liwu la Chingerezi lakuti smuggling. Anati ndiko kulowetsa katundu m'dziko mozemba, osadzera pachipata cha boma. Kenaka anafuna chitsanzo. Kalasi yonse inangoti zii, maso pansi ngati ataya singano. Ine ndinati mumtima, mbuli izi, lero zindiona.

Ndinakweza mkono. Ndinafotokoza monyadira kuti amalume anga, aTembo, amawoloka malire kupita kwa Apwitikizi pa njinga kukatenga nsalu ndi wonga wa mfuti. Pobwera amakulunga zonse m'mphasa, n'kumangirira nthambi yamasamba kutsogolo kuti anthu aziti akupita kumaliro. Nanga wa kumaliro ndani angamuimitse? Ngakhale amesenjala a boma ankawavulira chisoti.

Ndinadikira kuomberedwa m'manja. Koma aphunzitsi anafufuta liwulo msangamsanga, choko chili fumbi kobo, nati titsegule mabuku a masamu. Kumbuyo kwanga kunkakhala mwana wa mesenjala.

Sabata isanathe amalume anagwidwa pa msewu wa ku Petauke. Njinga inalandidwa, iwo anapita kundende, ndipo munda wawo unagonera chaka chimenecho. Amayi sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Amalume atatuluka, ataonda, tsitsi atametedwa mpala, ndinabisala kuseri kwa nkhokwe. Anandiitana, ndinagwada patali.

"Mwana wa mlongo wanga, ndamva kuti unayankha bwino."

Ndinalira.

"Usalile. Sukulu usasiye. Koma ukaona anzako onse ali chete, yamba wadzifunsa chifukwa chake."

Basi, sanaitchulenso nkhaniyo mpaka imfa yawo. Njinga ina sanagulenso. Ulendo uliwonse ankayenda wapansi, ndipo ndikawaona akubwera ndi fumbi m'miyendo, mtima unkandiwawa.

Lamulo analiswadi, sindikana. Koma ine sindinalankhule chifukwa chokonda lamulo, ndinangofuna kuoneka wanzeru, ndipo manyazi ake ndikali nawo. Nditakula ndinakhala mphunzitsi wa Chingerezi mpaka imvi. Chaka chilichonse tikafika pa liwu limeneli, chitsanzo ndinkapereka ndekha. Sindinafunsepo mwana wa munthu.