Mtanda wa Dzimbiri wa a Zinki

Ku Kapata, m'tauni ya Chipata, mukafunsa za a Whiteson Miti, anthu amayamba akanda kumutu. Koma mungoti “a Zinki”, ngakhale mayi wogulitsa matimati akulozerani ndi mlomo: nyumba ija ya geti long'anima, kuseri kwa chigayo.

Dzinali analitengera ku ntchito yawo. Ali mnyamata anapita ku Kopala, kumigodi kuja, nakalembedwa pa fakitale ina yokuta zitsulo ndi zinki. Fakitale itatsekedwa, anzawo anabwerako ndi mawayilesi ndi masuti. Iwo anabwerako ndi chaja ya batire la galimoto, mtolo wa mawaya a kopa, ndi pakamwa posatopa. Anamanga kashedi kuseri kwa nyumba, nandanditsa mabeseni a pulasitiki, ntchito n'kuyambika.

Munthu ukapita ndi kabawuti kamodzi, unkachokako makutu atatentha. Ankayamba akusonyeza beseni la soda lochotsera mafuta, kenako la asidi lodyera dzimbiri, kenako la madzi otsukira. Akatero ankamangirira chitsulo chako ku waya, n'kuchiviika m'beseni lomaliza, momwe munkalendewera chibenthu cha zinki. Akayatsa chaja, timathovu tinkayamba kutuluka, zinki n'kumachoka pachibenthu paja pang'onopang'ono kukamatirira pachitsulo. Chikamavuuka, waliwali!

“Chitsulo chopanda zinki chili maliseche,” ankatero. “Ine ndimachiveka. Dzimbiri likabwera limayamba kudya malayawo, mwini wake ali phee mkati.”

Zinali zoona, ndipo anyamata onyamula anthu panjinga, owotcherera mageti ndi alimi a ngolo ankabwera ndithu. Vuto linali lakuti a Zinki ankadana ndi dzimbiri ngati linawaphera mbale. Kukacheza kwa eni, moni asanamalize, chikhadabo chili kale pa hinjesi ya chitseko, mutu akupukusa. Ngakhale kutchalitchi, anzawo maso ali kuguwa, iwo maso ali pa mabawuti a benchi.

M'dziko lonse munali chinthu chimodzi chadzimbiri chimene chinawakanika: kapu ya mkazi wawo, Elesi. Inali kapu yachitsulo yakalekale, yosupuka m'mphepete, yofiira kunsi. Kangapo anaiponya kudzala, kangapo Elesi anakaitola.

“Bambo ake Mwiza, isiyeni kapu yanga,” ankatero akuseka. “Tiyi amakoma m'menemu. Inu tsiku lina mudzandiviika ndi ine ndemwe m'beseni lanulo.”

Elesi anadwala nthawi yochepa chabe, n'kutisiya. Anamuika kumanda a m'tauni, ndipo azichemwali ake anaboola kapu ija kunsi n'kuivundikira pamtumbira. A Zinki anaiona, koma tsiku limenelo anaisiya pomwepo.

Anafuna kumanga chiliza mvula isanagwe. Koma mlamu wawo Yosefe, mlongo wake wa Elesi wa ku Madzimoyo, anawakhazika pansi bwinobwino. “Alamu, za chiliza n'za ife eni mbumba. Tidzakhala pansi tikakolola.” Anakolola chimanga, anakolola mtedza, anagulitsa thonje, koma pansi pokhala pamenepo sipanapezeke mpaka lero.

Tsono manda a m'tauni si a kumudzi, kumene aliyense amadziwa kuti uje anagona apa. Kuno mitumbira imathithikana, mvula imaifafaniza, moto wa chilimwe umanyambita mitanda yamatabwa, ndipo dzina lolembedwa ndi penti silichedwa kufufutika. A Zinki ankaopa chinthu chimodzi: kuti Mwiza, mwana wawo yekhayo amene amakhala ku Lusaka, adzabwera ndi ana ake n'kufunsa kuti amayi ali pati, iwo n'kusowa polozera.

Choncho anapanga mtanda umene Chipata anali asanauonepo. Anawotcherera chitsulo chochindikala, anakhoma dzina pachikwangwani chilembo ndi chilembo, anautsuka, anauviika, magetsi akazima n'kudikira, akayaka n'kupitiriza. Atauzika, unkathobwa m'maso kuchokera kumsewu. Anthu obwera ku maliro ena ankapatuka dala kudzauona. Ndipo a Zinki, mukuwadziwa kale, sanasiye munthu osamuuza. Anauza a m'minibasi, anauza a pamsika, anauza ngakhale anyamata ongokhala pachigayo kuti chitsulo chimenecho sichidzaola mpaka adzukulu adzamere imvi.

Sichinaole ndithu. Pamenepo sananame.

Mwezi wa Novembala, pamene Akatolika amakalambula manda a abale awo, a Zinki ananyamula khasu. Atafika anaponya maso uku, anaponya uko. Chong'anima palibe. Anati mwina ndi dzuwa. Anafunafuna mtengo wa mthethe umene ankauyesa chizindikiro, anapeza owotcha makala anaudula kalekale, ndipo mizere yatsopano ya manda inali itadzaza pomwe kale panali njira. Mitumbira yonse inali yofanana, yakuda ndi mapsa, timaudzu tikungophuka.

Abale inu, mantha amene anawagwira! Munthu wamkulu anayamba kuyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira dzira, akuitana chapansipansi, “Amake Mwiza, muli pati?” Ankapalasa apa n'kupepesa, kupalasa apo n'kupepesa. Dzuwa linafika paliwombo, thukuta lili kamukamu. Kenako khasu linagunda kanthu, ngwee! Atafukula ndi zala, anapeza kapu ija, yobooka kunsi, dzimbiri lokhalokha. Wakuba anazula mtanda, koma kapuyo sanaiyang'ane n'komwe. Ndani angabe chonyansa chotero? A Zinki anakhala pansi m'phulusamo, kapu ili m'manja, nalira ngati maliro achitika dzulo.

Pobwerera, chakumapeto kwa manda, china chake chinawawalira m'maso. Ntchito yawo sakanaisokoneza ndi ya wina. Mtanda uja unali chilili pamtumbira watsopano, nkhata za maluwa zisanafote n'komwe. Akuba anangotembenuza chikwangwani, n'kulemba ndi penti wakuda dzina la bambo wina, Jabulani, n'kukagulitsa kwa anamfedwa osadziwa kanthu. Atasuzumira kuseri, dzina la Elesi Miti linali pomwepo, losafufutika, monga momwe iwo analonjezera.

“Ha! Mkazi wanga kumbuyo kwa mwamuna wina!” anatero, mano ali gwa.

Manja anawayabwa kuti auzule. Koma munthu wozula mtanda pamanda a eni dzuwa likuswa mtengo, dzina lake limadziwika, ndipo si la Zinki ayi. Anaimirira pamenepo kanthawi, kenako anapukuta fumbi pachikwangwanicho ndi mpango wawo, chifukwa ntchito yawo inali yawo basi, n'kumapita.

Mtanda wachiwiri anaupanga atatseka chitseko cha shedi. Anauviika nthawi yaitali kuposa woyamba uja, ndipo utavuuka unali wokongola kuposa chilichonse chimene chinatulukapo m'mabeseni awo. Anauyang'ana mpaka kukhuta. Kenako anatenga hamala n'kuupinda phewa limodzi. Anasakaniza penti wofiirira ndi dothi la katondo, n'kuupaka mothimbirira, mwauve, mpaka unaoneka ngati wotoledwa kudzala. Dzina lokha ndi limene ankatha kuliwerenga munthu wowerama. Anakauzika m'mawa, kapu n'kuibwezera pamalo pake.

Palibe anaukhudza. Koma Kapata ali ndi maso. Mayi Dailes, oyandikana nawo nyumba, amene sajomba maliro, anauona, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika pamsika. Ati a Zinki amang'animitsa mabawuti a njinga, koma mkazi wawo anamuzikira chitsulo chakudzala. Ati zinki yawoyo ndi yabodza, onani mtanda uja wachita dzimbiri chaka chisanathe. Ena owotcherera mageti anayamba kupita kwina.

Tsiku lina Mayi Dailes analephera kupirira, anawaimitsa pachigayo penipeni, anyamata aja ali khale pamatumba.

“Bambo Miti, ndinene ndisanene? Elesi anali mnzanga. Anakulakwirani chiyani kuti agone pansi pa dzimbiri lotere? Inu amene simugona tulo ndi hinjesi ya eni!”

Yankho linali pakamwa, lathunthu, lokoma: soda, asidi, zinki, penti, zonse. A Zinki, amene sanasungepo mawu m'mimba chibadwire, anatsegula pakamwa. Anayang'ana anyamata aja, makutu ali tcheru. Yankho lija analimeza.

“Ndamva, amayi,” anatero. “Manja akalamba.”

Mpaka lero amapita kumanda kuja ndi khasu lawo. Akatha kulambula amayang'ana uku ndi uku, n'kugwada, n'kukanda pang'ono ndi chikhadabo kunsi kwa mtanda. Pamatuluka kadontho kowala ngati ndalama yatsopano. Amakayang'ana pang'ono, kenako amatapa dothi, kulavulira, n'kumatapo msanga.

“Mukuseka eti, amake Mwiza?” amatero, akukonza kapu ija kuti ikhale bwino.